Kudziwa n'kwina, kudya n'kwina: zimene ofufuza apeza pa maphunziro a kadyedwe

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse nyama inkasowa ku America chifukwa yambiri inkapita kwa asilikali. Boma linafuna kuti mabanja ayambe kudya zam'kati monga mtima ndi impso, zimene anthu ambiri kumeneko ankanyansidwa nazo. Kurt Lewin, katswiri wa maganizo a anthu pa yunivesite ya Iowa, anatenga magulu 6 a amayi. Atatu anamvetsera nkhani yokonzedwa bwino ya ubwino wa zam'kati, n'kulandiranso mapepala a kaphikidwe. Atatu enawo anauzidwa mfundo zomwezo, koma anakhala pansi n'kukambirana zimene zingalepheretse mayi kuphika zoterezi: fungo lake pamoto, ndiponso mwamuna amene angangokankha mbale. Pomaliza anawapempha kuti amene ayesere akweze dzanja. Atawayendera pambuyo pake, mwa amene anangomvetsera, 3 okha pa 100 aliwonse ndiwo anaphika. Mwa amene anakambirana, anaphika 32 pa 100.

Kafukufukuyu anali wamng'ono, ndipo amene ankatsogolera zokambiranazo anali waluso kwambiri, moti masiku ano sangalandiridwe ngati umboni wokwanira. Komabe zimene anasonyeza zakhala zikubwerabwera kwa zaka zoposa 80: munthu akhoza kuimvetsa mfundo, kuivomereza, kuibwereza pamtima, chakudya chake n'kukhala chomwechija.

Mapulogalamu ambiri akale anamangidwa pa ganizo lakuti munthu akadziwa amasintha maganizo, akasintha maganizo amasintha zochita. Gawo loyambalo limatheka mosavuta. Lomalizalo ndiye pamene chingwe chimadukira. Kampeni ya 5 A Day, yolimbikitsa kudya zipatso ndi ndiwo zamasamba kasanu pa tsiku, inayamba ku California mu 1988 n'kufalikira ku America konse mu 1991. Anthu odziwa uthengawo anachuluka, koma zimene ankadya zinasintha pang'ono kwambiri. Mu 1995 Isobel Contento ndi anzake ataunika kafukufuku wambiri wa maphunziro a kadyedwe, anapeza kuti amene ankaphula kanthu ndi amene ankalunjika pa chochita chenicheni, osati ongofotokoza za mavitamini ndi mapuloteni.

Chifukwa chake n'chakuti kudya sikugamulidwa ndi mutu wa munthu mmodzi. Pali wogula, wophika, wogawa, ndi amene sangatsutsidwe akanena kuti ichi mwana sadya. Pali mtengo wa chakudyacho, nthawi yochiphika, moto wophikira, posungira chotsala, ndi lilime lozolowera. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 anthu oposa 2.8 biliyoni sakanatha kugula chakudya choyenera ngakhale akanafuna. Kwa anthu oterewa phunziro lokha limangowonjezera chisoni.

Uthenga umayesedwa kaye m'khitchini

N'chifukwa chake ofufuza odziwa ntchito sayamba ndi kusindikiza mapositala. Njira ina yodziwika ndi ya Trials of Improved Practices, yoyesera malangizo pakhomo, imene inakonzedwa ndi a bungwe la Manoff Group. Amasankha mabanja makumi ochepa chabe, osiyanasiyana pa chuma ndi pa misinkhu ya ana. Ulendo woyamba wofufuza amangofunsa ndi kuona: mwana wadya chiyani dzulo, kangati, m'mbale ya yekha kapena yodyera limodzi. Ulendo wachiwiri amabwera ndi zinthu zingapo zotheka kusintha, ndipo mwini nyumba amasankha yekha chimodzi kapena ziwiri zoti ayesere. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amabwereranso kudzafunsa zimene zatheka, zimene zakanika, ndi zimene banjalo lasintha mwa nzeru zake. Ulendo wachitatuwu ndiye mutu wa ntchito yonse. Langizo limene mabanja ambiri alephera kulitsata limachotsedwa, ngakhale likhale lolondola chotani m'mabuku.

Uthenga wotuluka m'njira imeneyi umakhala wachindunji. "Muzidya zopatsa thanzi" sakuuza munthu choti achite mawa m'mawa. "Phala la mwana likhale lolimba moti lisamayenderere mukapendeketsa supuni" ndi chinthu choti wophika angadziyese yekha.

Njira ina imafunafuna yankho pakati pa anthu omwewo. Mu 1990 Jerry ndi Monique Sternin a bungwe la Save the Children anapita ku Vietnam, kumene ana ambiri a m'midzi anali onyentchera. M'chigawo cha Thanh Hoa anayeza ana pasikelo mothandizana ndi anthu a m'midzimo, kenako anafunsa funso limodzi: kodi alipo ana a m'mabanja osaukitsitsa amene akukula bwino? Analipo. Atawayendera anapeza kuti makolo awo ankatola tinkhanu ndi tima shrimp (tizilombo todyedwa ta m'madzi) m'minda ya mpunga n'kuthira m'chakudya cha mwana pamodzi ndi masamba a mbatata, zinthu zimene anansi awo ankati si za ana. Ankadyetsa katatu kapena kanayi pa tsiku m'malo mwa kawiri, ndipo ankamudyetsa mwanayo okha, osangomusiyira mbale.

Zimene anachita atapeza zimenezi n'zofunika kuposa zimene anapezazo. Sanaitanitse msonkhano woti alengeze. Anakonza zoti amayi a ana onyentchera azikumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo tsiku ndi tsiku kwa pafupifupi sabata ziwiri, aziphika ndi kudyetsa ana pamodzi, ndipo aliyense azibwera ndi tinkhanu kapena masamba odzaza dzanja. Kutolako kunali phunziro palokha, chifukwa podzafika tsiku lomaliza kunali kutasanduka chizolowezi. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma apa kalumoko kanali m'mudzi momwemo.

Njirayi ili ndi malire ake. Imafuna kuti chakudya chotchipa koma chonyalanyazidwa chikhalepodi, ndipo kumene kuli njala yeniyeni sichipezeka. Imadya nthawi yambiri ya anthu ongodzipereka. Palinso msampha wa masamu: ukasankha ana amene atsika kwambiri pasikelo lero, ambiri adzaoneka okwera mwezi wamawa ngakhale usachite kalikonse, chifukwa ena unawapeza atangodwala kumene. Popanda gulu loyerekezera nalo, kukwerako kumawerengedwa ngati chipatso cha pulogalamu.

Phunziro ndi thumba

Kafukufuku wa ku Peru ndi wa ku Bangladesh amafotokozana bwino ukawayika pamodzi. Ku Trujillo, m'dziko la Peru, Mary Penny ndi anzake anaphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zina za boma kuti azipereka mauthenga atatu okha kwa olera ana: chakudya cholimba ndicho chimakhutitsa ndi kukulitsa mwana, pa chakudya chilichonse onjezani chapadera monga chiwindi, dzira kapena nsomba, phunzitsani mwana kudya mwachikondi, modekha ndi mosangalala. Panalinso ziwonetsero za kaphikidwe. Zotsatira zinatuluka mu 2005: pa miyezi 18, ana opinimbira anali 5 pa 100 m'madera a pulogalamuyi, pamene m'madera oyerekezera anali 16 pa 100. Sanagawe chakudya chilichonse. Koma mabanjawo, ngakhale anali osauka, ankakhala pafupi ndi misika ndipo dzira ankatha kulipeza.

Ku Bangladesh, kuyambira 2012 mpaka 2014, bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI ndi World Food Programme anayesa pa mabanja osaukitsitsa a kumidzi. Ena ankalandira mataka 1,500 (ndalama za dzikolo) mwezi uliwonse, ena chakudya cha mtengo womwewo, ena theka ndalama theka chakudya, ena ndalama kapena chakudya pamodzi ndi maphunziro a kadyedwe. Maphunzirowo anali amphamvu: msonkhano wa gulu sabata iliyonse, kuyenderedwa pakhomo, ndiponso kuitana amuna ndi apongozi ku misonkhano ina. Kupinimbira kunatsika moonekeratu m'gulu limodzi lokha, la ndalama ndi maphunziro, ndi ana pafupifupi 8 pa 100 aliwonse. Ndalama zokha sizinakwanitse. Koma kafukufukuyu analibe gulu la maphunziro okha, choncho amene amamutchula ngati umboni wakuti kuphunzitsa n'kokwanira akumunamizira.

Kusintha chigawo chonse

Ku North Karelia, kum'mawa kwa Finland, amuna ankafa ndi matenda a mtima ali ndi mphamvu zawo, kuposa pafupifupi kwina kulikonse padziko. Anthu a m'chigawocho analembera boma kupempha thandizo, ndipo mu 1972 pulojekiti inayamba motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata Pekka Puska. Vuto linali batala, mkaka wamafuta, mchere ndi fodya. Maphunziro analipo, koma anadutsira m'mabungwe amene anthu ankawakhulupirira kale, monga bungwe la amayi la Martha, limene linkaphunzitsa kaphikidwe katsopano m'misonkhano yake. Gulu la Puska linakambirana ndi opanga masoseji ndi ophika buledi kuti achepetse mafuta ndi mchere. Popeza alimi ambiri ankadalira mkaka, kunabwera ntchito yowathandiza kulima zipatso za m'gulu la mabulosi, ndipo dzikolo linayamba kupanga mafuta ophikira ochokera ku mbewu ya rapeseed. Patatha zaka 40, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi oposa 80 pa 100.

Komabe ofufuza amatsutsana mpaka lero kuti pulojekitiyo payokha inachita zochuluka bwanji, chifukwa ku Kuopio, chigawo choyerekezera nacho, zinthu zinkasinthanso, ndipo patatha zaka zisanu ntchitoyo inafalikira dziko lonse. Atayesa zofanana ku America m'zaka za m'ma 1980, ku Stanford, ku Minnesota ndi ku Pawtucket, kusiyana kwa mizinda yophunzitsidwa ndi yosaphunzitsidwa kunali kochepa, kwina kosaoneka n'komwe. Mizinda yoyerekezerayo inkamva uthenga womwewo pa wailesi yakanema ndi kwa madokotala. Pulogalamu imene ikukankha ngolo yoyenda kale siingasonyeze mphamvu zake.

Mlingo wake ndi wotani, ndipo umatha liti?

Maphunziro ali ngati mankhwala: ali ndi mlingo. Mu kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, anthu 3,234 amene shuga wawo anali atayamba kukwera anagawidwa mwa maere m'magulu atatu. A gulu losintha khalidwe anapatsidwa zolinga ziwiri zowerengeka, kutsitsa kulemera kwa thupi ndi 7 pa 100 ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Aliyense anali ndi mlangizi wake, anaphunzira maphunziro 16 m'masabata 24 oyamba, ndipo ankalemba zimene wadya. Zotsatira za mu 2002 zinasonyeza kuti odwala shuga anachepa ndi 58 pa 100, pamene mankhwala a metformin, amene gulu lachiwiri linkamwa, anachepetsa ndi 31 pa 100, poyerekeza ndi gulu lachitatu. Amene akufuna zotsatira zimenezi kuchokera ku msonkhano umodzi wa maola awiri akudzinamiza.

Ngakhale mlingo waukulu umazirala. Mu kafukufuku wa kadyedwe wa Women's Health Initiative ku America munali amayi 48,835, ndipo a gulu lophunzitsidwa anakumana ka 18 chaka choyamba, kenako kanayi pa chaka. Cholinga chinali choti mafuta azipereka 20 pa 100 ya mphamvu za m'chakudya. Chaka choyamba anafika pa 24, pofika chaka chachisanu ndi chimodzi anali atabwerera ku 29. Patatha zaka 8 panalibe kusiyana kokhutiritsa pa matenda a mtima. Mwina langizolo linalunjika polakwika, popeza mtundu wa mafuta ndi wofunika kuposa kuchuluka kwake; mwinanso anthuwo sanasinthe mokwanira. Zonse ziwiri n'zotheka.

Kwa ana mlingowu ndi wa kulawa. Leann Birch ndi anzake anasonyeza kuti mwana angafunike kulawa chakudya chachilendo maulendo 8 mpaka 15 asanachilandire, pamene makolo ambiri amagwa ulesi atayesa katatu kapena kasanu. Kumukakamiza kapena kumulonjeza chotsekemera akamaliza masamba kumangomuphunzitsa kuti masambawo ndi chilango.

Vuto la kuyeza

Apa ndi pamene malipoti ambiri okoma amagwera. Njira zofala zodziwira zimene munthu amadya ndi kumufunsa zonse zimene wadya m'maola 24 apitawo, kapena kumupatsa mndandanda wa zakudya kuti anene kangati pa sabata kapena pa mwezi. Zonsezi zimadalira kukumbukira ndi kunena zoona. Kafukufuku wina wa mu 1992 wa anthu onenepa amene ankati amadya pang'ono koma sakuwonda anapeza kuti ankanena zochepa ndi 47 pa 100 poyerekeza ndi zimene ankadyadi. Sikuti ankanama dala. Mafuta othira pophika, zotolatola za pakati pa chakudya ndi zakumwa zimaiwalika.

Pa kafukufuku wa maphunziro vutoli limakula, chifukwa gulu lophunzitsidwa laphunziranso yankho lokondweretsa wofunsa. Ngati wofunsayo ndi yemwe ankaphunzitsa, zikhala bwanji? Ndiye wofunsa azikhala wina, ndipo ngati n'kotheka asadziwe kuti banjali lili gulu liti. Kufunsa tsiku limodzi kumakwana pofuna chithunzi cha gulu lalikulu, koma osati cha munthu mmodzi, choncho ena mwa anthuwo amafunsidwanso tsiku lina losatsatizana ndi loyambalo. Kuyeza koyamba ndi komaliza kuzichitika nyengo yofanana ya chaka. Ukayamba zakudya zikusowa n'kumaliza zitachuluka, nyengoyo idzaoneka ngati luso la mphunzitsi.

Kutsutsa galu n'kukumba. Pa mchere pali pokumba: pafupifupi 90 pa 100 ya sodiyamu, wopezeka mu mchere, amene munthu wadya amatuluka mu mkodzo, choncho mkodzo wonse wa maola 24 umanena zimene pakamwa pabisa. Ndi mmene anachitira ku Changzhi, m'dziko la China, mu kafukufuku wa masukulu 28 amene anatuluka mu 2015. Ana a m'masukulu osankhidwa mwa maere anaphunzitsidwa za mchere kwa miyezi itatu ndi theka, n'kupatsidwa ntchito yokalankhula ndi ophika kwawo. Mkodzo unasonyeza kuti ana anachepetsa magalamu 1.9 pa tsiku ndipo akuluakulu a m'mabanja awo magalamu 2.9, poyerekeza ndi masukulu enawo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku. Ku Changzhi zinatheka chifukwa mchere wambiri umathiridwa pophika pakhomo, m'manja mwa banja lomwelo.

Pa kusiyanasiyana kwa zakudya pali miyeso yogwirizana padziko lonse: mayi wa zaka 15 mpaka 49 adye kuchokera m'magulu 5 mwa 10 tsiku lapitalo, mwana wa miyezi 6 mpaka 23 magulu 5 mwa 8. Ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, koma sinena kuchuluka kwa chakudyacho, ndipo nayonso imachokera pakamwa pa wofunsidwa.

Cholakwika china n'cha kawerengedwe. Maphunziro amaperekedwa kwa mudzi kapena sukulu yonse, ndipo anthu a malo amodzi amadya zofanana, moti anthu 50 a mudzi umodzi si mboni 50 zoima pazokha. Pokonza zimenezi amatenga chiwerengero cha anthu pa mudzi, kuchotsapo 1, kuchulukitsa ndi nambala yosonyeza kufanana kwawo, n'kuwonjezera 1. Tiyerekeze kuti kufananako ndi 0.05: 49 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi 2.45, kuwonjezera 1 ndi 3.45. Ndiye kuti anthu 1,000 ofunsidwa m'midzi 20 ali ndi mphamvu ya anthu pafupifupi 290 okha. Kuwonjezera midzi kumathandiza kuposa kuwonjezera anthu m'midzi yomweyo, ndipo kuyerekeza mudzi umodzi ndi unzake umodzi sikungatsimikize kanthu, kaya mufunse anthu angati.

Funso lomaliza pa kuyeza ndi lakuti chasintha n'chiyani. Mu kafukufuku wa CATCH, wa masukulu 96 a ku America kuyambira 1991 mpaka 1994, mafuta a m'chakudya cha pasukulu anatsika kuchoka pa 38.7 kufika pa 31.9 pa 100 ya mphamvu zake, koma kolesterolo wa m'magazi a anawo sanasiyane ndi wa anzawo. Chidziwitso, zimene munthu akunena, zimene akudyadi, ndi zimene zikuchitika m'thupi ndi masitepe anayi osiyana, ndipo lipoti labwino limanena sitepe imene lafikapo.

Pamene chakudya chisintha munthu asanasinthe

Kumene mchere wambiri umabwera uli kale m'buledi ndi m'zakudya za m'mapaketi, kuphunzitsa wophika sikupita patali. Dziko la United Kingdom linaika milingo yoti makampani azichepetsa mchere pang'onopang'ono kuti lilime lisazindikire, ndipo kuyambira 2003 mpaka 2011 mchere wodyedwa ku England unatsika kuchoka pa magalamu 9.5 kufika pa 8.1 pa tsiku. Mexico inaika msonkho wa peso imodzi pa lita ya zakumwa zotsekemera mu 2014, ndipo chaka choyamba zogulidwa zinatsika ndi pafupifupi 6 pa 100, makamaka m'mabanja osauka. Ku Chile mu 2016 linayamba kugwira ntchito lamulo lakuti zakudya zochuluka shuga, mchere kapena mafuta zikhale ndi chizindikiro chakuda kutsogolo kwa paketi.

Njira zoterezi zili ndi ubwino umene maphunziro alibe. Langizo limagwiritsidwa ntchito msanga ndi amene ali kale ndi sukulu, ndalama ndi nthawi, moti likhoza kukulitsa kusiyana kwa olemera ndi osauka. Buledi wochepa mchere amafika kwa onse. Koma n'kulakwa kuganiza kuti maphunziro atha ntchito: lamulo limene anthu sakulimvetsa silikhalitsa, ndipo chizindikiro chakuda chimafuna wodziwa tanthauzo lake.

Kafukufuku wina wa ku China anaphatikiza ziwirizi. M'midzi 600, anthu 20,995 amene anadwalapo sitiroko kapena achikulire othamanga magazi anagawidwa mwa maere, mudzi ndi mudzi. Theka anapatsidwa kwaulere mchere wosakaniza, magawo 75 mchere wamba ndi magawo 25 potaziyamu kolorayidi, n'kuuzidwa kuti aziugwiritsa ntchito paliponse pamene ankathira wakale uja. Phunziro lonse linali lomwelo. Patatha pafupifupi zaka zisanu, zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti sitiroko inachepa ndi 14 pa 100 ndipo imfa zinachepa ndi 12 pa 100. Mabanja amene munali wodwala impso kwambiri, kapena womwa mankhwala osunga potaziyamu m'thupi, sanalowetsedwe m'kafukufukuyu, chifukwa kwa iwo potaziyamu wowonjezera akhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima. Aliyense wofuna kutengera njirayi ayenera kuyamba wawapeza anthu amenewa.